Madzi ofiira a apongozi anga

Mwezi uno chakwana chaka chiwaikireni m'manda a Zuze, apongozi anga, ndipo kutentha kwabweranso monga kumachitira kuno ku Bangula, koti nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Kukatentha chonchi ine sindikhala bwino. Si dzuwa ayi, dzuwa ndinabadwira momwemo. Koma nyengo imeneyi ndi imene mphekesera zimaswa, ndipo ndikangoona amayi awiri agunditsana mitu pa mjigo, mtima wanga umangoti myuu.

Pa maliro awo panalankhula anthu ophunzira. Ena anachokera ku Zomba, ena anatumiza mauthenga kuchokera ku Ulaya, amene anawerengedwa pa foni. Onse anatamanda mutu wa malemuwo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula za chipsera cha m'dzanja lawo lamanzere, kapena chifukwa chimene zala ziwiri za dzanja limenelo zinali zosapindika. Akutaliwo sankadziwa. Ife a pompano tinkadziwa, n'chifukwa chake tinangozolika. Ine ndinazolika kuposa onse, pakuti chipsera chimenecho chinachokera pakamwa pangapa.

A Zuze anali munthu wamantha, ndipo sankabisa. Anabadwira cha ku Marka, m'banja la asodzi a m'dambo, ndipo ankasimba okha kuti bambo awo atawakweza m'bwato koyamba, anaona ng'ona itayandama ngati chipika, nalira mpaka kugombe. Kuyambira pamenepo anakakamira sukulu. Ankati anthu amanama akamati nzeru ndi zimene zinawafikitsa ku Ulaya, iwo ankangothawa ng'ona, ndipo anathawa mpaka mtunda unatha. Ankaopa njinga zamoto za kabaza, ankaopa jakisoni, mvula ikangogunda kutali ankazula mawaya onse m'nyumba. Koma chimene ankaopa kuposa zonse ndi magazi. Tsiku lopha nkhuku ndinkachita kuwadziwitsa m'mawa kudzera mwa mwana wanga Rute, kuti azungulire mbali ina ya nyumba.

Mantha a magaziwo ndi amene anawadanitsa ndi a Thomu, amene amapha mbuzi kuseri kwa mpanda wathu. Magazi a mbuzi ankatsetserekera m'ngalande n'kudzaima pafupi ndi zenera la apongozi, ntchentche zili ng'waa. Anakangana zaka ndithu. Apongozi ankayankhula ataphimba mphuno ndi kampango, a Thomu ankayankha akunola mpeni, n'kumati munthu amene amadya nyama koma osafuna kuona kumene yachokera ndi wachinyengo. Apongozi ankawabwezera kuti munthu amene sangakumbe dzenje limodzi lokha lokwiriramo uve ndi waulesi. Onse awiri ankanena zoona, n'chifukwa chake mkanganowo sunkatha.

Ntchito yawo ndinaimvetsa mochedwa, ndipo ndinena monga anandiuzira eni ake. Ndikalakwitsa, ophunzira andikhululukire, ine ndine wogulitsa nsomba. Akuti kumene ankagwira ntchitoko anthu anakumba ngalande yozungulira pansi pa nthaka, yaitali moti wa njinga angatope asanaimalize. M'menemo amathamangitsa tinthu ting'onoting'ono, tochepa kuposa atomu, tina kulowera uku, tina uku, mpaka tiwombane. Tikawombana timabala tinthu tina tambirimbiri tothawira mbali zonse, ndipo pali makina aakulu kuposa nyumba amene amalemba pamene kalikonse kadutsa. Salemba njira yonse ayi, amangosiya madontho. Ntchito ya apongozi inali yolumikiza madonthowo kuti adziwe kuti aka kanayenda chonchi, ako chonchi, ndiponso kuti pa kuwombana kosawerengekako apezepo kamodzi kachilendo.

Kompyuta wamba, iwo ankatero, ili ngati mayi mmodzi waluso amene wapatsidwa thonje la mudzi wonse kuti asankhe yekha. Asankha bwino, koma mvula imupeza asanafike pakati. Tsono anthu anatulukira kuti pali makhadi ena a m'kompyuta, opangidwira masewera a zithunzi zothamanga amene achinyamata amakonda, amene amagwira ntchito ngati mudzi wonse wakhala pa mkeka, aliyense ndi kamulu kake, onse kusankha nthawi imodzi. Aliyense payekha sadziwa zambiri, koma manja ndi ochuluka. Makhadi oterowo iwo anali nawo anayi, m'bokosi lakuda la galasi mbali imodzi. Ankaseka kuti anawononga unyamata wawo pa mabuku kuti adzakalambe ndi zidole za ana.

Atapuma pa ntchito n'kubwerera kuno, sanasiye. Anali ndi wophunzira wawo wakale, a Tiyamike, mayi amene tsopano amaphunzitsa ku Zomba. Iwowa ankatumiza madontho aja m'kabokosi kakang'ono ngati sopo, kudzera kwa dalaivala wa minibasi, poti netiweki yathu kuno imayenda ngati nkhono. Apongozi ankalowetsa kabokosiko m'makina awo, makina n'kumalira usana ndi usiku kwa masabata, kenako kabokosi n'kubwerera ndi mayankho. Anaika masola padenga ndi mabatire pansi pa tebulo kuti magetsi akathima ntchito isaime. Lamulo la pakhomo pathu linali limodzi: makina akayamba kulira, sathimitsidwa, ngakhale kubwere mlendo wolemekezeka bwanji wodandaula phokoso.

Vuto linali kutentha. Makhadiwo akamagwira ntchito amatentha ngati nsimbi ya makala, ndipo anapangidwira mayiko ozizira, osati chigwa chathu chino. Mafani anakanika. Chaka china mu Okutobala khadi imodzi inafa, ndipo apongozi anakhala masiku awiri osadya bwino, ngati kwagwa zovuta. Pamenepo ndi pamene anaitanitsa timapaipi toonekera mkati ndi kapampu, kuti madzi azizungulira pa makhadiwo n'kumachotsa kutentha, monga zimakhalira m'galimoto. Madzi ake anabwera m'mabotolo, ali othiridwa kale utoto wofiira, poti achinyamata a masewera amakonda zokongoletsa. Iwo anangowasiya choncho. Ankati ofiira ndi abwino, chifukwa akadontha pena pake munthu amaona msanga.

Zonsezi ndinazidziwa pambuyo. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kalikonse, ndipo ndinalibe njira yodziwira.

Ine ndinachokera kwa Kasisi, ndipo anandilanga bwino za ulemu wa upongozi. Mkazi salowa m'chipinda cha bambo a mwamuna wake. Sawayang'ana m'maso, sakhala nawo pafupi, sawapanikiza ndi mafunso. Chakudya ndinkaika pa khonde n'kugwada chapatali, iwo n'kunena kuti takhuta, ine n'kubwerera chambuyo. Zaka zisanu ndi zinayi tinakhala pakhomo limodzi motero, ndipo sindinaonepo cholakwika. Amuna anga a Lukasi amagwira ntchito ku minda ya nzimbe ku Nchalo, amabwera kutha kwa mwezi. Apongozi aakazi anamwalira kalekale. Choncho pakhomo panali iwo, ine ndi Rute, ndi chitseko chotseka chimene kuseri kwake kunkamveka kulira kwa makina.

Kenako kunabwera chaka cha anamapopa. Inu amene munali kutali mukhoza kuseka. Ife sitinkaseka. Kunkamveka kuti kuli anthu oyenda ndi timapaipi ndi makina opopa magazi a anthu, n'kumakagulitsa kunja. Mayi wina wa mudzi wa kumtunda anadzuka wofooka, ali ndi kabala pa mkono, ndipo nkhani inatha pomwepo. Amuna anayamba kuika mitengo m'misewu n'kumasecha zikwama za alendo. Tinkamva kuti kwina munthu wosadziwika anamupeza ndi mawaya m'chikwama, ndipo sanafike kwawo. Ine ndinkakhulupirira theka, theka ayi, koma Rute ndinasiya kumutuma yekha kumsika.

M'mawa wina ndikusesa pa khonde, mphepo inakankha chitseko cha apongozi. Iwo anali kubafa. Sindinalowe, ndikulumbira, ndinangokweza maso. Ndinaona bokosi lija lili pa tebulo, ndipo mkati mwake timapaipi tinayi tokhotakhota, todzaza ndi zofiira, zikuyenda. Pansi pake panali kanthu kakunjenjemera, kakuzikankha. Tsache linandigwa m'manja. Ndinakumbukira kabokosi ka minibasi, ndinakumbukira azungu amene ankawaimbira foni, ndinakumbukira kuti ine ndi mwana wanga timagona khoma limodzi ndi chipinda chimenecho.

Mwana wa munthu wina akanangodikira kuti atuluke kubafa n'kufunsa kuti bambo, izi n'chiyani. Ine sindikanatha. Lilime limene silinawafunsepo ngakhale za mutu umene unkawapweteka likanayamba bwanji ndi funso limeneli? A Lukasi ndinaopa kuwaimbira, poti ndi bambo awo. Ndinasunga masiku awiri, nsomba ndikuwerengera anthu molakwitsa. Tsiku lachitatu pa mjigo ndinakoka mnzanga Fanita pambali, n'kumufunsa ngati anamvapo za kompyuta yoyendera zinthu zofiira ngati magazi. Ndinangofunsa. Ndinamulumbiritsa kuti asauze munthu, ndipo analumbira ndithu, monga timalumbirira tonse.

Pakutha kwa sabata nkhaniyo inandipeza kumsika itanenepa moti sindinaizindikire. Akuti kwa a Zuze kuli migolo. Akuti kabokosi ka minibasi kamanyamula magazi ouma. Chilichonse chimene mkulu uja ankachita chinasanduka umboni. Kuphimba mphuno pa mbuzi za a Thomu, akuti n'chifukwa anazolowera a anthu. Kusakhalitsa pa maliro, akuti amaopa kuti mtembo ungamuloze. Amene ankandiuza zimenezi ankandimvera chisoni kuti ndikukhala ndi chilombo, osadziwa kuti mbewu yake ndinafesa ndine. Ndinafuna kuwachenjeza apongozi. Madzulo awiri ndinagwada ndi mbale pa khonde, ndipo kawiri konse ndinabwerera chambuyo osanena kanthu.

Linali tsiku la msika, dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo. Ndinali pa benchi yanga ya nsomba pamene ndinaona anthu akusiya malonda n'kumathamangira mbali ya kwathu. Anangondiyang'ana n'kutembenuka. Ndinathamanga wopanda nsapato. Nditafika ndinapeza mpanda wagwetsedwa, bwalo ladzaza, anthu ali ndi miyala, zibonga, zikwanje. Wina anali atakunkhuniza tayala. Mwamuna wina wa kabaza, amene ndinkamugulitsa mlamba tsiku ndi tsiku, anali ndi chigubu cha petulo. Galasi la zenera linali litasweka kale. Mwamwayi Rute anali kusukulu.

Apongozi anali ataimirira pa khonde, atavala malaya awo oyera omanga mabatani mpaka m'khosi. Anagwira mzati kuti asagwe. Atayamba kulankhula sanalankhule Chichewa cha kusukulu chija, analankhula Chisena cha ku Marka, chimene ambiri anali ataiwala kuti ali nacho, ndipo phokoso linatsika pang'ono. Anafunsa kuti ndani waona magaziwo ndi maso ake. Anthu anayang'anana. Kenako mawu a mkazi anachokera kumbuyo, sindinatembenuke koma ndinawadziwa, akuti waona ndi mpongozi wanu yemwe, uyo waima apoyo.

Anthu anapatuka, ine n'kutsala ndekha pakati. Ndinagwada m'fumbi lotentha. Apongozi anandiyang'ana, ndipo kanali koyamba pa zaka zonse zija kuti maso athu akumane.

"Amake Rute, munaona chiyani?"

Ndikanatha kukana. Koma ndinanena kuti ndinaona timapaipi todzaza zofiira, ndi kanthu kozipopa.

"Munaona zoona," anatero.

Bwalo lonse linabangula. Ine ndinati basi, mkuluyu wadzipha yekha, ndipo ndamupatsa chingwe ndine. Mwala unagunda malata. Iwo anakweza dzanja limodzi, linalo likadali pa mzati, n'kunena kuti sathawa, sangathe n'kuthamanga komwe, akungopempha mbale ziwiri zoyera ndi munthu mmodzi wodziwa magazi. Anati iwo salowa m'chipindamo, kuopa kuti anthu angati akukabisa. Kenako anaitana dzina limene palibe ankayembekeza. Anaitana a Thomu, mdani wawo, amene anaima pafupi ndi mpanda ndi mpeni m'chiuno, ndipo anati a Thomu alowe pamodzi ndi amene anaonayo.

Ndinabwera ndi mbale kuchokera kukhitchini, koma pakhomo pa chipindacho ndinaima. Imfa ili pabwalo, ine n'kumaopabe mwambo, taganizani. Ndinanong'ona kuti bambo, sindingalowe.

"Lero lowani," anatero.

Ndinalowa. Munali fungo la fumbi lotentha ndi mapepala. Iwo anaima pakhomo, msana kwa anthu, n'kumatiuza zochita. Anandiuza kuti ndidine batani la pamwamba osasiya mpaka makina atakhala chete. Ntchito imeneyo inali itayenda masabata awiri, ndipo ndine ndinaithimitsa, ine amene sindinkaloledwa ngakhale kukhudza waya wa pa khonde. Phokoso litaleka, ndinayamba kumva kupuma kwa anthu kunja. A Thomu anatsegula kampopi ka pansi pa bokosi, zofiira zija n'kutsikira m'mbale. Ndinawayang'ana nkhope. Anangoona kamodzi, mphuno n'kugwedezeka, ndipo ndinadziwa kuti adziwa. Ndinayembekeza kuti atuluka akufuula kuti si magazi. Sanatero. Anatuluka ndi mbale, n'kuiika pa sitepe, pakamwa ali chitsekere.

Ndinawada a Thomu nthawi imeneyo, chidani choti sindinadepo munthu. Koma apongozi anadzandiuza pambuyo pake kuti sankayembekeza kuti a Thomu alankhule. Masiku amenewo woikira kumbuyo namapopa ankasanduka namapopa mnzake. A Thomu nawonso anali ndi ana. Chimene chinkafunika n'chakuti mbale ilankhule yokha, munthu angovomereza.

Anthu ataona zofiira m'mbale anasendera kutsogolo. Wa petulo uja anatsegula chigubu, fungo linafika mpaka pa khonde. Apongozi anafunsa a Thomu mokweza kuti magazi a mbuzi akakhala m'mbale kanthawi amatani. A Thomu anayankha mosafuna kuti amaundana. Apongozi anati chabwino, ndiye tiyerekeze ndi enieni, n'kutambasula dzanja kupempha mpeni.

Munthu amene ankazungulira nyumba kuthawa nkhuku yophedwa anagwira mpeni wa mbuzi. Unkagwedezeka m'dzanja mwawo moti nsonga yake inkagunda mbale yopanda kanthu ija kuti nge nge nge. Anauika pa chikhatho chamanzere, anauchotsa, anauikanso. Kenako anatsinzina n'kukoka. Chifukwa chotsinzina anadula mozama kuposa mmene ankafunira. Magazi anatsika ambiri, pansi pa mbale padzaza, ndipo a Thomu ndi amene anawalanda mpeni n'kuwamanga dzanja ndi kampango komwe kaja ka mphuno. Apongozi anakhala pansi pa khonde, nkhope atatembenuzira kukhoma kuti asaone. Ananena chapansipansi kuti tsopano tidikire.

Sindidziwa kuti tinadikira mphindi zingati. Ndikudziwa kuti mbale ziwirizo zinali pa sitepe, zonse zofiira, ndipo kwa munthu woima patali zinkaoneka zofanana. Thukuta linkandilowa m'maso koma sindinapukute. Ndinkapemphera pemphero limene sindinapempherepo, loti magazi a munthu aundane msanga. Wina kumbuyo anafuula kuti akutichedwetsa dala kuti apolisi afike. Wina anati n'zamatsenga. Tayala lija linasendezedwa pafupi. Mayi wina wachikulire, wogulitsa masamba, anakalipa kuti mwathamangira chiyani, munthuyo ali pomwepo, mbale zili pomwepo. Mawu ake anatigulira kanthawi kena.

Zoyamba kufika zinali ntchentche. Zomwe zija za m'ngalande ya a Thomu, zimene akuluakulu awiriwa anakanganirana zaka zonse zija. Inatera imodzi, kenako zitatu, kenako m'mphepete mwa mbale ya apongozi munada bii. Pa mbale inayo sipanatere ndi imodzi yomwe. Amene anali kutsogolo anaona, n'kuyamba kukodolana. A Thomu anadikirabe pang'ono, kenako anawerama n'kupendeketsa mbale ya magazi. Anatsetsereka onse pamodzi, chibuluma, ngati chiwindi. Anapendeketsa inayo, ndipo inangokhuthuka m'fumbi ngati madzi otsukira mbale, nthaka n'kumwa. Ananunkhiza chala, n'kuimirira.

"Ndakalamba ndikupha mbuzi ine. Awa magazi nkhabe, si magazi ayi. Ndi madzi a utoto."

Palibe anapepesa. Gulu limatha moyambira kumbuyo, mmodzimmodzi, aliyense ngati wakumbukira kuti wasiya malonda osayang'anira. Wa petulo anatseka chigubu n'kuchimangirira pa njinga. Tayala analisiya pomwepo, ndipo linakhala pabwalo pathu sabata yathunthu chifukwa panalibe wofuna kulikhudza. Munthu womaliza atatuluka, apongozi anatembenuka, anaona kampango kofiira pa dzanja lawo, n'kukomoka. A Thomu ndi amene anawabereka kumsana mpaka kuchipatala. Anasokedwa, koma zala ziwiri sizinapindikenso, ndipo kuyambira pamenepo ankalemba pa kompyuta mojompha ngati nkhuku. Mwezi womwewo a Thomu anakumba dzenje la uve. Mkangano wawo sunathe, anangousamutsira pa nkhani ya utsi.

A Lukasi atabwera kuchokera ku Nchalo anandiuza kuti ndimange katundu ndibwerere kwathu kwa Kasisi. Sindinatsutse, ndinali nditamanga kale. Apongozi anamva ali m'chipinda, ndipo anaitana mwana wawo. Ndinamva ndili kukhitchini. Anati n'zoona safunsa anadya phula, koma amene anasunga phula m'nyumba yokhala ndi munthu woletsedwa kufunsa ndi ndani? Anati iwo anazungulira dziko kuphunzitsa ana a eni kuti azifunsa, koma mkazi amene ankawaphikira zaka zisanu ndi zinayi sanamupatse pofunsira. Anati amake Rute ali ndi maso abwino, anaona zoona ndipo ananena zoona ngakhale patafika poti bodza likanawapulumutsa. Katundu ndinamasula. Koma ndikunena pano kuti mawu amenewo anandipweteka kuposa mmene akanandipwetekera matemberero.

Mawa lake ndinapeza kampando pa khomo la chipinda chawo, miyendo yonse inayi ili kunja, kuti mwambo usathyoke. Anatuma Rute kudzandiuza kuti madzulo aliwonse ndikaweruka kumsika ndizikhala pamenepo n'kufunsa funso limodzi. Ndinkakhala chammbali, maso kubwalo, iwo ali pa tebulo. Masiku oyamba ndinkangofunsa ngati dzanja likupweteka. Kenako ndinayamba kufunsa zenizeni, ndipo za ngalande yozungulira, za madontho, za thonje, zonse ndinazimvera pa kampando kameneko. Tsiku lina ndinawafunsa ngati kachilendo kamene ankafunako anakapeza. Anati ayi. Ndinati ndiye zaka zonsezi zapita pachabe? Anaseka, n'kunena kuti munthu akasecha dengu lonse n'kutsimikiza kuti mulibe, wathandiza anzake kuti asataye nthawi pa dengu limenelo.

Anthu ena amati tsiku lija linawachotsa mantha. Ndi bodza. Madzi ofiira anataya onse n'kuthira oyera. Anachotsa katani pa zenera, ndipo chitseko sanachitsekenso masana, kuti wodutsa aliyense aziona mkati. Ena ankati ndi kulimba mtima, koma iwo anandiuza okha kuti ndi mantha. Anthu akakuwa ku bwalo la mpira, ankadzidzimuka n'kugwira m'mphepete mwa tebulo. Mbale ziwiri zija anakana kuti zibwerere kukhitchini. Anazitsuka okha ndi dzanja limodzi n'kuziika pa shelefu pamwamba pa makina. Nditafunsa chifukwa chake, anati zinthu zimenezi sizifa, zimangogona, ndipo zikadzadzuka mbale zikhale pafupi.

Anamwalira chaka chatha, kuchipatala, atagwa mwadzidzidzi pa khonde. Makina anali akulira, ndipo palibe anayerekeza kuwathimitsa mpaka ntchito inatha yokha tsiku la maliro. Patapita mwezi a Tiyamike anabwera kudzawatenga. A Lukasi ndi amene anawatulutsa m'chipinda. Tinayang'ana bokosi lija ndi timapaipi take, tinayang'ana njira yodutsa pakati pa msika kukafika pa siteji ya minibasi. Ndinalikulunga m'zitenje ziwiri, n'kuliika m'dengu langa, n'kuwunjika milamba youma pamwamba. Ntchito ya moyo wonse wa a Zuze inatuluka m'Bangula itabisala pansi pa nsomba, ili pamutu panga, ine ndikupatsa anthu moni ngati palibe kanthu.

Chipindacho chikadali mmene anachisiyira. Rute ndi amene amasesamo, poti iye ndi mdzukulu. Ine ndimaona ndili pakhomo. Pa tebulo pali timadontho tinayi pamene panali miyendo ya bokosi, ndipo pansi pake pali mabatire akufa. Zenera lilibe katani mpaka lero. Pa msomali papachikidwa paipi imodzi yakale, imene pokhota pake panatsalira kufiira kumene sikunachoke ndi sopo. Kampando kali pomwe kanali, miyendo inayi kunja. Chimene sindinazolowere ndi bata. Zaka zonse zija ndinkadandaula chamumtima za phokoso, tsopano masana ndimamva mbuzi za a Thomu zikulira, ndi mapazi a aliyense wodutsa mumsewu, ndipo ndimawerenga kuti ndi angati.

Sabata yatha pa mjigo amayi awiri anagunditsana mitu. Sanafune kuti ndimve, koma ndinamva. Akuti kuchipatala kwabwera mnyamata wachilendo wa zaumoyo, woyenda pa njinga m'midzi ndi bokosi loziziritsa, ndipo palibe akudziwa chimene chili mkati. Ndinawauza kuti ndi katemera, akamufunse yekha, pakamwa ali napo. Anandiyang'ana mmene anthu anayang'anira a Thomu tsiku lija asanalankhule, ndipo mmodzi anati inu mukudziwa bwanji.

Ndinasiya ndowa pa mjigo pomwepo. Ndinafika kunyumba, ndinaima pa khomo la chipinda chija, ndinati odi. Ndinanenanso kachiwiri. Mbale ziwiri zili pa shelefu pomwe anaziika, zoyera, imodzi mkati mwa inzake, fumbi lili m'mphepete. Mpeni a Thomu akadali nawo. Ndinakhala pa kampando, ndinatambasula dzanja langa lamanzere pa bondo n'kuliyang'ana pa chikhatho, pomwe apongozi anadutsitsa mpeni.